Kwa Apongozi Sapita Chimanjamanja

Mlongo wanga Nermin anatulukira kunyumba kwanga masana ena chakumapeto kwa Ramazani, ndipo anakana kukhala pansi. Munthu wa bondo loipa ngati iyeyo akalowa m'nyumba amayamba n'kufuna mpando, koma tsikuli ankangozungulira m'khitchini, kutsegula firiji, kutseka, kuyang'ana foni, kutsegulanso firiji, chonsecho ali pa kusala ndipo palibe chomwe akanaika m'kamwa.

"Ukandiwonongera firijiyo ugula ina," ndinamuuza. "Wadwala, kapena akuchotsa ntchito?"

Anangondipatsa foni. Unali uthenga wa Belma, chibwenzi chake: "Bambo avomera kukuona. Akuti ubwere pa Bajram masana, ndi achemwali ako. Usachedwe, ndipo chonde usavale jekete yako ya mpira ija."

Ndinatsala pang'ono kuvina. A Hajrudin, bambo ake a Belma, anatha chaka chathunthu akulengeza kuti mpira ndi masewera a ana, ndipo wophunzitsa masewera si mwamuna womupatsa mwana wako. Lero khomo latseguka, mwini nkhani nkhope ili khwinya ngati wamwa mankhwala owawa.

Kwa amene simukumudziwa, Nermin ndi uja ankaswa mawindo a anthu ndi mpira m'misewu ya ku Bevo kuno ku St. Louis, ife titangofika kumene kuchokera ku Bosnia. Atakula anabwerera kwathuko kukasewera mu ligi, kenako anazungulira m'timatimu ting'onoting'ono ta kuno ku America, mpaka tsiku lina bondo linati phwa. Anakhala pa sofa ya mayi athu zaka ziwiri ngati katundu wosungitsa. Amene anamudzutsapo ndi mayi Pruitt, kochi wa timu ya atsikana pa koleji ina kutsidya kwa mtsinje. Anayamba n'kuwanyamulira mipira mwaulere, anamaliza sukulu yomwe anaithawa, ndipo lero ndi wachiwiri wawo. Malipiro ake ndi oseketsa, koma mlongo wanga anayambanso kumeta ndevu ndi kuseka, ndipo kwa ine zimenezo n'zokwanira.

"Achemwali, Nejra mukumudziwa?"

"Mng'ono wake wa Belma? Uja amamwetsa zigoli ngati wina wamuputa? Ndani samudziwa?"

"Koleji yathu ikumufuna. Ndiye malamulo a makoleji salola kochi kupereka mphatso kubanja la mwana yemwe akumufuna, ngakhale switi. Miyezi inoyi ngakhale kuponda pakhomo pawo n'koletsedwa."

Ndinaseka, chifukwa ndinkayesa nthabwala. Kwathu khomo la munthu sulowa chimanjamanja. Ngakhale ukungopita kukabwereka makwerero umanyamula paketi ya khofi ndi bokosi la shuga wa mibulu. Ndiye mwamuna wokapempha mwana wa eni, pa Bajram, chikondwerero chathu chotsekera Ramazani, manja ali lendelende? Kuli bwino angowatukwana eni nyumbawo zithe.

"Khofi ndi shuga zasanduka ziphuphu liti?" ndinamufunsa.

"Mayi Pruitt sanapsatire. Akuti ndikangolowa m'nyumba imeneyo, Nejra amusiya, chifukwa anthu adzati tinamukopa podzera kwa mkulu wake. Apo ayi, ndidikire mpaka mwanayo atasankha koleji."

"Zimenezo ndi liti?"

"Mwina chaka chamawa."

"Ukawauze a Hajrudin kuti akudikire chaka, uone ngati khomo limenelo lidzatsegukenso."

Anatsegulanso firiji ija.

* * *

Zomwe zinachitika kupaki tsiku lotsatira ndinazimva kwa onse awiri, aliyense akudziyeretsa, koma ndikaphatikiza zinayenda chonchi.

Belma anafika ali ndi chimwemwe chosabisika, akunena za diresi yomwe wagula ndi za baklava, keke yathu ya mtedza ndi uchi, yomwe mayi ake ayamba kale kukonza. Nermin anamusiya alankhule mpaka mawu anamuthera, kenako anakhosomola.

"Bwanji titasintha tsiku?"

"Tisinthe chifukwa?"

"Kuntchito kuli malamulo ena. Okhudza makochi ndi mabanja a osewera."

"Ine ndine wosewera?"

"Iwe ayi. Koma Nejra..."

Belma anaima pomwepo. Mtsikana ameneyu ndi wofatsa, koma akakwiya mawu ake amatsika m'malo mokwera, ndipo amene amamudziwa amayamba kuyang'ana kolowera.

"Ndiye n'zoona zomwe akunena Rusmir."

Rusmir ndi mnyamata wa mathiraki, uja dzina lake linalembedwa m'zilembo zikuluzikulu pa galimoto iliyonse yomwe ali nayo, mwina kuopa kuti angaiwale. Anayamba kale kumufuna Belma, ndipo a Hajrudin amamukonda chifukwa iwonso anakalambira pa chiwongolero.

"Akunena chiyani ameneyo?"

"Akuti makochi ndi momwe mumachitira. Mukafuna mwana waluso mumayamba mwanyengerera mayi ake, azakhali ake, mkulu wake. Akuti ine ndine mlatho chabe wopitira kwa Nejra."

"Ndipo iwe wakhulupirira?"

"Ndinamuseka. Koma lero ndikukuuza za ukwati wathu, iwe ukundiyankha za Nejra. Ndiganize chiyani?"

"Belma, ndinakukonda ndisanaone mng'ono wako akumenya mpira."

"Ndiye bwera pa Bajram. Ukudziwa zomwe ndadutsamo kuti bambo anene mawu amenewa? Ndinasiya kudya nawo pa tebulo limodzi. Mayi analira. Bambo atagonja anandiuza kuti, chabwino, abwere ndimuone kamodzi, koma akalephera usadzatchulenso dzina lake m'nyumba muno. Kamodzi, Nermin."

Apa ndi pomwe mlongo wanga akanamuuza zonse, kuti kubwera kwakeko kutsekera Nejra khomo la koleji yawo. Iye amati sakanatha chifukwa zokambirana za makochi siziululidwa kwa makolo. Ine ndikuti anachita mantha. Ankadziwa kuti Belma akamva anena kuti usabwere, ndipo akapanda kubwera, a Hajrudin atseka chitseko n'kumeza kiyi. Ankamukonda mtsikanayo mpaka kuopa chilungamo chake.

"Ndiganize kaye," anatero.

"Ganiza. Rusmir yekha saganiza, amangobwera."

Belma anapita kugalimoto yake osacheuka. Madzulo Nermin anamutumizira mauthenga angapo, ndipo onse anawerengedwa popanda yankho.

* * *

Tsiku loti mawa ndi Bajram ndinamukoka Nermin kuti akandinyamulire katundu kusitolo yathu ya Abosiniya. Munali anthu pha, aliyense ndi njala yake ndi ukali wake, amayi akulimbirana mtedza wa baklava ngati dziko likutha. Tili pa shelefu ya khofi tinamva mawu kumbuyo kwathu.

"Akochi. Mwasiya ana aja ndi ndani lero?"

Anali Rusmir, akukankha ngolo yodzaza mpaka pamwamba: khofi wamtundumtundu, mabokosi a chokoleti, mabotolo a juwisi, ngakhale seti ya tikapu tatsopano.

"Mukutsegula sitolo yanu, a Rusmir?" ndinamufunsa.

"Ayi, achemwali, ndi tinthu tochepa topita nato kwa a Hajrudin mawa madzulo. Akuluakulu amafunika kuwalemekeza." Anatembenukira kwa Nermin. "Ndamva kuti inu malamulo sakulolani. Pepani kwambiri. Munthu wamkulu ndevu pepeya kukapempha chilolezo kwa abwana kuti akaone mkazi. Ndikawaperekera moni wanu, musadandaule."

"Moni wanga ndimapereka ndekha."

"Ndi bondo limenelo? Masitepe a kwa a Hajrudin ndi aatali, samalani."

Anapita akuimba mluzu. Ndinamuyang'ana mlongo wanga ndipo ndinaona nkhope yomwe ankakhala nayo kale m'bwalo, wina akamuchita chipongwe woimbira osaona. Anatambasula dzanja, natenga paketi ya khofi ndi bokosi la shuga.

"Waganiza bwino?" ndinamufunsa. "Nanga mwana uja?"

"Nejra akufunidwa ndi makoleji ena awiri, ndipo onsewo ndi akuluakulu kuposa yathu. Ina ili ku Ohio, ina ku Carolina. Ife akatisowa sataya kanthu. Kunena zoona, pa koleji yathu angakulire pa mthunzi, osaonedwa. Koma ine ndikataya Belma ndataya zonse."

Zinamveka zanzeru, ndipo ine ndinagwedeza mutu. Tili m'galimoto anawaimbira mayi Pruitt, chifukwa mlongo wanga ngakhale ali ndi mantha si wakuba. Anawauza kuti mawa akalowa m'nyumba muja ndi mphatso m'manja. Mayiwo anati amva, ndipo za Nejra zathera pomwepo. Anawonjezera kuti akumufunira mafuno abwino, koma mawu awo anali a munthu yemwe walandidwa nyama pakamwa.

Kenako analembera Belma mawu awiri okha: "Ndikubwera mawa." Yankho linafika asanaike foni pansi: "Malaya oyera aja. Ndipo upese tsitsi."

* * *

Nyumba ya a Hajrudin inali yodzaza ndi alendo a Bajram, nsapato zili mbwee pakhomo. Nermin anavula zake mosamala, kubisa kutsimphina, ndipo anapereka kathumba kake kwa mayi Zumreta, mayi ake a Belma, ndi manja awiri. Mayiwo anasuzumiramo, namwetulira, n'kunena zomwe amayi onse amanena, kuti sakanavutika. Belma anali pakhomo la khitchini, nkhope yofiira, akunamizira kupukuta mbale youma kale. Nejra anatidutsa ndi thireyi ya baklava, mwana wamtali wamapewa otambalala, ndipo ananong'ona kuti, "Takulandirani, alamu," mkulu wake n'kumutsina.

A Hajrudin anakhala pa mpando wawo wapakona, manja pamimba, ndipo anamusiya Nermin aime kanthawi asanamulozere pokhala.

"Ndiye ndiwe wampira uja."

"Ndine, bambo."

"Ndinakuonapo ukusewera uli mnyamata. Unkathamanga kwambiri, koma mpira unkapita kwina."

"Ndi chifukwa chake pano ndimangouza ena kothamangira, bambo."

Amalume ena a Belma anaseka mpaka kutsamwa. A Hajrudin anayesetsa kuumitsa nkhope, koma ndevu zawo zinagwedezeka. Khofi anabwera, ndipo mafunso anayamba: mayi athu ali bwanji, kwathu kwenikweni n'kuti, nyumba ali nayo kapena akugonabe pa sofa, ntchito yakeyo ili ndi tsogolo kapena ndi yongodikira bondo linalo. Nermin anayankha modekha, mosadzitama. Ananena kuti mpira unamulanda zaka zake zabwino ndi mwendo umodzi, koma unamubwezera chinthu chomwe sankachiyembekezera, kuona mwana wa eni akuchita zomwe iye analephera. Ine mtima unayamba kukhala pansi, ndipo ndinadya baklava yachiwiri.

Kenako a Hajrudin anaimirira, ndipo chipinda chonse chinati zii.

"Abale, mukundidziwa. Ine za mpira ndinkaziyesa zachibwana. Koma munthu amaphunzira ngakhale imvi zili mbuu." Anagwira dzanja la Nermin. "Mnyamatayu wabwera mwaulemu, monga mwa kwathu. Belma ndamupatsa."

Amayi anayamba kupukuta misozi. Belma anabisa nkhope m'kansalu kopukutira mbale. Koma a Hajrudin sanasiye dzanja lija.

"Ndipo Mulungu akapatsa amapatsa kawiri. Ndinkasowa tulo poganiza kuti Nejra wanga akagona kumadera akutali, pakati pa anthu osawadziwa, wopanda womuyang'anira. Tsopano taonani. Koleji ili kutsidya kwa mtsinje pompa, kochi wake ndi mlamu wake. Adzadzuka kunyumba, adzagona kunyumba. Mkamwini, ndakupatsa ana anga awiri, wina wa kunyumba kwako, wina wa ku timu yako."

Anthu anawomba m'manja. Ine ndinaika baklava yanga pansi. Ndiye n'chifukwa chake nkhalambayi inafewa mwadzidzidzi. Kwathu ntchito, malo a sukulu, ngakhale bedi la kuchipatala, zonse zimayenda ndi munthu wako wam'kati, ndipo a Hajrudin anaona mlongo wanga ngati munthu wawo wam'kati. Sankadziwa kuti kuno munthu wam'kati ndi amene amatseka khomo.

Ndinamuyang'ana Nermin ndi maso omuchonderera kuti angomwetulira, zinazo tidzazione mawa. Koma iye anali atabisa kale kamodzi sabata imeneyo, ndipo kachiwiri kanamukanika.

"Bambo, pepani. Zachiwirizo sizitheka."

"Wati chiyani?"

"Malamulo a makoleji salola. Kochi sangapereke mphatso kubanja la mwana yemwe koleji yake ikumufuna. Poti ine ndalowa muno ndi khofi uja, koleji yathu singamutengenso Nejra. Ndinawauza kale abwana anga dzulo."

"Khofi?" A Hajrudin anayang'ana anzawo ngati akufuna womasulira. "Ukuti mwana wanga wamanidwa sukulu chifukwa cha paketi ya khofi?"

"Sanamanidwe sukulu, bambo. Ali ndi makoleji ena awiri abwino kuposa yathu. Ku Ohio akumufuna kwambiri, ndipo ku Carolina..."

"Alamu."

Anali Nejra. Anali ataika thireyi pansi.

"Amenewo ndinawakana kale. Bambo anandiuza kuti ndiwayankhe sabata yatha, asanakuitaneni. Anati malo anga ali kwa inu, ndisataye nthawi ya anthu. A ku Ohio anatenga kale wina."

Mlongo wanga anatuwa. A Hajrudin anasiya dzanja lake pang'onopang'ono.

Belma anabwera kudzaima pakati pawo. Mawu ake anali otsika kwambiri.

"Kupaki kuja unkadziwa?"

"Ndinkadziwa kuti koleji yathu imusiya. Zoti anakana enawo sindinkadziwa, Belma, ndikulumbira."

"Ukanandiuza, ine ndikanakuuza. Ndinalipo pomwe ankawaimbira." Anapuma mozama. "Unasankha wekha za mng'ono wanga, osandifunsa."

"Ndinkaopa kukutaya."

"Ndiye unataya iyeyu."

Nejra anali akulira mwakachetechete, misozi ikungotsika pankhope yosagwedezeka, monga amalirira ana omwe anazolowera kugwa m'bwalo osadandaula. Mayi Zumreta anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi kathumba kaja, akukankhira m'manja mwa Nermin, akuti atenge, sanatsegule, auze abwana akewo kuti palibe chomwe analandira. Zinandimvetsa chisoni kuposa china chilichonse tsiku limenelo, mayi wamkulu kubweza mphatso ya mlendo pa Bajram, chinthu chomwe sanachitepo chibadwire.

"Sizithandiza, mayi," anatero Nermin. "Vuto si khofi yekha. Vuto ndine."

"Ndiye tiuze chomwe chingathandize," anatero Belma. "Iwe ndi amene ukuwadziwa malamulowo. Pali njira yoti amutengenso?"

Nermin anandiyang'ana. Ine ndinadziwa yankho asanalinene, ndipo ndinafuna kumutseka pakamwa ndi dzanja.

"Mwina ilipo imodzi. Ngati ine nditachoka pa kolejipo."

A Hajrudin anabwerera pa mpando wawo, nakhala, n'kuikanso manja pamimba.

"Ndiye vuto lili pati? Choka. Mwana wanga apite kusukulu, iwe upeze ntchito ya amuna. Rusmir akubwera madzulo ano, ndipo nthawi zonse amadandaula kuti madalaivala akumusowa. Ndikulankhulira ndekha."

Anthu ena anagwedeza mitu kuti nkhani yatha bwino. Sankadziwa za sofa ya mayi athu, za zaka ziwiri zomwe ndinkamupititsira chakudya munthu wosafuna kutsegula makatani. Mpira ndi wokhawo unamubweza kwa amoyo, ndipo tsopano ankamuuza kuti ausiye kuti akayendetse thiraki ya mwamuna yemwe akufuna mkazi wake.

Nermin anatembenukira kwa Belma, kudikira kuti anene kanthu, ngakhale liwu limodzi lomuikira kumbuyo. Belma anali atakhala pafupi ndi mng'ono wake, atamugwira dzanja, ndipo sanadzutse mutu.